Chitamando cha Mbale ya Supageti wa M'lesitilanti

Pakati pa zakudya zonse zimene ana a anthu amaitanitsa akakhala pansi m'lesitilanti, kuyambira ku London kufikira ku Johannesburg, ngakhalenso m'mahotela a ku Lilongwe ndi Blantyre, palibe chimene chanyozedwa ndi madokotala, kukanidwa ndi eni ake, koma nkumadyedwabe ndi makamu a anthu, monga mbale ya supageti wothiridwa msuzi wa nyama yogaya ndi matimati. Ndipo popeza sipanaoneke nyakwawa yoimirira pabwalo kuti iinenere, ine, ngakhale ndili wochepa, ndadzipereka kuikweza pamaso pa onse amene ali ndi makutu ndi mimba.

Poyamba tiyamike kuleza mtima kwake. Dziko lonse limaitcha ya ku Bologna, koma ku Bologna komweko, mzinda wa kumpoto kwa Italy, amati sakuidziwa. Kumeneko msuzi wa nyama, umene amati ragù, amauthira pa tagliatelle, pasta waphanthiphanthi wokandidwa ndi mazira, amene akatswiri a zakudya a mzindawo anamuikira muyeso mu 1972 kuti akapsa azikhala mamilimita 8 m'lifupi mwake. Ndipo pa 17 October 1982 bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakasungitsa kaphikidwe ka msuziwo ku bwalo la amalonda, monga munthu asungitsa kalata ya munda: nyama ya ng'ombe, nyama ya nkhumba yamchere, anyezi, karoti, vinyo, mkaka ndi matimati, zonse zobwata pang'onopang'ono kwa maola. Mu 2019 mfumu ya mzindawo, Virginio Merola, inanena poyera kuti supageti wa ku Bologna kulibe. Kodi mbale yathu inadandaula? Iai ndithu. Inangotuluka m'khitchini monga mwa masiku onse, nthunzi ili tolotolo, nikadyetsa anthu a mitundu yonse m'dzina la mudzi umene unaikana.

Adani ake sanayambe lero. Mu 1930 mlakatuli Filippo Tommaso Marinetti analengeza kuti pasta athetsedwe m'dziko lonse la Italy, chifukwa, mwa kuona kwake, amalemetsa thupi ndi kufooketsa mtima wa amuna. Bamboyo anaona zoona, koma anaweruza molakwa. Onani munthu amene wadya mbaleyi masana nabwerera ku ofesi: sakangana ndi mnzake, sachitira kaduka mkulu wake, salemba kalata yaukali, koma atsamira mpando, zikope zili lendelende, mtendere utadzaza chipinda chonse. Mafumu angati analephera kukhazikitsa bata lotere ndi mikondo?

Tsono tifike pa chuma chimene chili m'kati mwake, pakuti apa ngakhale onyoza amagwa mphwayi. Magulu a zakudya amene aphunzitsi amatilemetsa nawo pa bolodi, mbaleyi inawasonkhanitsa pamodzi popanda msonkhano. Tirigu wolimba wa durum apatsa mphamvu, ndipo akaphikidwa mosapyola, kuti dzino limve kanthu, shuga wake alowa m'magazi mosathamanga. Nyama imanga thupi, nibweretsa ayironi wothandiza magazi ndi vitamini B12 amene sapezeka m'ndiwo zamasamba. Matimati, amene anachokera ku America nakhala zaka zambiri akukayikiridwa m'minda ya ku Ulaya, ali ndi chofiiritsa chotchedwa lycopene, chimene thupi lichilandira bwino koposa pamene matimatiwo aphikidwa ndi mafuta. Chotero wophika amene dzanja lake lilemera pa botolo la mafuta akhoza kunena ndi nkhope yowongoka kuti akutumikira thanzi lathu.

Koma ulemerero wake weniweni uli pa kuwolowa manja, pakuti mbaleyi sidziwa kupatsa mopimira. A ku Italy, amene ndi aumbombo pa nkhaniyi, amayesa magalamu 80 a pasta wouma kuti ndiwo gawo la munthu mmodzi, namadya ngati chiyambi chabe cha chakudya. Lesitilanti yamtima wabwino siingachite manyazi otero. Magalamu 100 a pasta wouma ali ndi makalori ngati 350, ndipo wophika akaunjika magalamu 150, mwalandira kale makalori oposa 500 msuzi usanafike. Supuni yaikulu iliyonse ya mafuta iwonjezapo ngati 120, pakuti galamu ya mafuta isenza makalori 9 pamene ya ufa isenza 4. Kenaka pabwera mafuta a m'nyama, batala wowalitsa msuzi, kashuga kozimitsa kuwawasa kwa matimati a m'chitini, ndi buledi wa adyo wodikira pambali ngati nduna. Munthu wamkulu, amene amati afuna makalori ngati 2,000 pa tsiku, akhoza kutsiriza theka la ntchito imeneyi pa mpando umodzi, osatuluka thukuta. Akale anati kupatsa ndi kuika. Ndipo zimene mbaleyi ipatsa, iziika mokhulupirika m'chiuno, kumene mbala siingafike, ndipo lamba ndiye mboni.

Nanga mchere? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, lilangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza bwino. Mbale yathu imva chisoni ndi umphawi wotere. Ithira mchere m'madzi owiritsira, mwa mwambo wa magalamu 10 pa lita. Ithiranso mu msuzi. Ndipo pamene mukuyesa kuti zatha, afika woperekera zakudya, nawerama mwaulemu, nayamba kukupalirani tchizi cha Parmigiano, chimene chinagona m'madzi a mchere masabata angapo chisanakhwime kwa miyezi yosachepera 12, nati munene pamene chakwana. Ine sindinaonepo munthu wofulumira kunena. Ndiwo zamasamba nazo sizinaiwalike: pamwamba pa phiri lonselo pakhala tsamba limodzi lobiriwira, ndipo ambiri amalikankhira pambali ndi foloko kuti lisavutike.

Nkulakwa kotani nanga kumene maboma achita, kuyamba kuwerengera mphatso za mfulu yotere! Ku America, kuyambira mu May 2018, malesitilanti okhala ndi nthambi 20 kapena kuposerapo akakamizidwa kulemba makalori pa mndandanda wa zakudya. Ku England lamulo lofanana nalo linayamba mu April 2022 kwa makampani a antchito 250 kapena kuposerapo. Kwathu kuno mlendo sawerenga mitanda ya nsima pamaso pa mwini nyumba. Ena amatikumbutsa za pusi uja amene anati ichi chakoma, ichi chakoma, mpaka anagwa chagada. Koma pusiyo anali mumtengo, pamene ife tikhala pa mipando yotsamira, ndipo kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga sizigwetsa munthu tsiku lomwelo, zimayamba zadikira mwaulemu zaka zingapo.

Chotero, inu mafumu ndi amayi amene mwawerenga kufikira pano, ndikupemphani kuti muilemekeze mbaleyi monga kuyenera ulemu wake, umene uli wolemera koti munthu mmodzi sangausenze yekha. Mukaiitanitsa, itanitsaninso mbale yopanda kanthu ndi foloko yachiwiri, mugawane ndi mnzanu. Woperekera tchizi mumuimitse msanga, ngakhale mtima ukana. Ndipo mukamadutsa pa chipatala, lowani akuyezeni magazi, kuti mudzakhale ndi zaka zambiri zoitamanda.