Chikwangwani changa cha "Achoke"

Anthu amati Mmalawi ndi munthu wofatsa, wongoti "zikomo" ngakhale mwamuponda chala. Onena zimenezo sanawerengepo makoma athu. Pakamwa timatseka, inde, koma mipanda ya ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi imalankhula usana ndi usiku.

Mlembi wamkulu m'dziko muno ndi uja analemba kuti "OSAKODZA PANO, CHINDAPUSA K5,000." Dzina lake palibe akulidziwa, koma ntchito zake zinafika boma lililonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Owerenga ake ndi okhulupirika zedi: amaima pomwepo, nkhope kuloza kukhoma, n'kumawerenga mosathamanga. Pambali pake pamakhala mnzake wa "NYUMBA INO SIKUGULITSIDWA," yemwe nkhani yake ukaitsata umapezamo malume, ana amasiye ndi loya. M'munsi mwake asing'anga amamatamo kapepala kolonjeza kubweza mkazi wothawa ndi kupambanitsa mlandu. Ikafika kampeni, andale nawo amatulukira ndi zidebe za penti, ndipo miyala, mitengo ndi milatho zonse zimalowa chipani. Mwala wina wa m'mbali mwa msewu wa kwathu unayamba wachikasu, kenaka wabuluu, kenaka walalanje, n'kubwereranso ku buluu. Wasintha zipani kuposa phungu wathu, koma sunalandirepo ngakhale alawansi.

Ine ndinalowa m'gulu la amisiri amenewa mu 2019. Chisankho cha pa 21 Meyi chitatha, zitamveka kuti mapepala a zotsatira apakidwa Tippex, anthu anakhamukira kumsewu. Ndinaganiza kuti ngati ntchito yopenta yafika mpaka kowerengera mavoti, nanenso wa Sitandade 8 ndikhoza kuyesako. Ndinapempha katoni ya sopo kugolosale, ndinazula ndodo ya mopu wakutha, ndinatola makala awiri m'thumba la amayi akunyumba. Ndinalemba zilembo zonenepa: ACHOKE! Pamwamba pake ndinasiya mpata.

"Abambo, nanga dzina la wochokayo lili kuti?" anafunsa amayi akusenda tomato.

"Mayi, dzina tizilemba ndi choko. Makatoni akuvuta masiku ano. Atsogoleri amasintha, koma 'achoke' sasintha."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Inu ngakhale polimbana ndi boma mukuumira?"

Tsiku la mademo ndinakonzeka mwaluso. Nsapato zothamangira, botolo la madzi, kansanza kophimbira mphuno. Malo oima ndinawasankhanso mwanzeru. Kutsogolo kuli apolisi ndi makamera. Kumbuyo kuli anyamata aja amene amalimbana ndi katangale pothyola mashopu n'kusenza matiresi. Munthu wa ana amaima pakati penipeni, diso limodzi kwa mtsogoleri wa nyimbo, lina ku kanjira kothawira. Chikwangwani ndinachikweza mpaka chinaphimba nkhope, kuopa kuti abwana akuntchito angandione pa kanema, popeza m'mawa ndinali nditawauza kuti ndatsegula m'mimba.

Tinaimba, tinavina, ndinamva magazi a ufulu akuwira. Kenaka kunangomveka phuu! Utsi wokhetsa misozi. Zomwe zinachitika pakatipo miyendo yanga ndi imene ingafotokoze. Pozindikira, ndinali nditanjuta m'khola la nkhuku la anthu osawadziwa, chikwangwani chili m'khwapa, gogo wina ataima pakhomo ndi mtibu m'manja.

"Mwanawe, ndiwe wakuba kapena wa mademo?"

"Wa mademo, agogo."

"Nanga nkhuku zangazi ndizo zinabera mavoti?"

Musandiseke kwambiri. Tonse tikukumbukira zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu 20 anatuluka m'nyumba zawo osabwereranso. Msewu si masanje. Alipo amene anaupirira miyezi yambirimbiri, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo pa 23 Juni tinakavotanso. Ulemu upite kwa iwo. Ine gawo langa ndi loti pabawo ndikamafotokoza nkhaniyi ndimati "tinalimbana," ndipo za khola sinditchulako.

Koma nzeru yanga ya choko inaoneka phindu lake. Sipanapite nthawi, mizere ya mafuta inabwerera, shuga anayamba kubisala, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Anzanga anali kalikiliki kusaka makatoni atsopano. Ine ndinangofufuta dzina ndi malovu n'kulembapo lina. Amayi aja ankandinena kuumira anangoti kukamwa yasa.

Mwana wanga wamkulu, amene amakhalira pa foni, akuti luso langa likadali lakumudzi. Akuti ku Britain kuli mmisiri wotchedwa Banksy, wojambula pamakoma mobisa, wosaonetsa nkhope. Pamenepo ndiye tikufanana. Mu 2018 chithunzi chake cha kamtsikana ndi baluni chitangogulidwa pamtengo woposa mapaundi 1 miliyoni ku London, chinayamba kudzing'amba chokha m'felemu ogula akuonerera, ndipo mtengo wake unakweranso. Changa nacho chinang'ambika ngodya imodzi, amayi atachisandutsa chokupizira mbaula magetsi atazima. Mpaka lero palibe wabwera kudzafunsa mtengo.

Amene amandipatsa nsanje ndi mnzathu Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku Oxford. Mu Sepitembala 2022 chosema chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati pa London. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914, pomwe Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa Chilembwe, Chorley n'kumusiya wamng'ono pambali. Zionetsero zopanda mwala, zopanda utsi, zopanda khola: chipewa basi. Ndipo Chilembwe anakhala pamenepo zaka ziwiri, pomwe m'thumba mwanga, pa K2,000, sanagonemo ngakhale usiku umodzi.

Sabata yatha ndikuchokera kuntchito, ndinamva phokoso ndisanafike pageti. Ana anga onse anali akuzungulira mtondo pabwalo, chitsiriziro ali patsogolo, m'manja muli chikwangwani changa chomwe chija. Pampata paja panali palembedwa ndi choko, zilembo zokhotakhota: ABABA. Amayi awo anakhala pakhonde, akuti iwo ndi ongoyang'anira kuti zionetsero ziyende mwabata.

Wamkulu anandipatsa chikalata cha madandaulo cholembedwa papepala la m'kope. Bonya tsiku ndi tsiku. Tiyi wopanda mkaka. Lonjezo la nkhuku ya pa Khirisimasi lomwe lakhala likusunthidwa chaka ndi chaka. Ndalama za mayunitsi a magetsi zomwe zimasowa mosadziwika bwino Lachisanu lililonse madzulo.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinakhosomola, ndinakonza kolala, n'kuyankhula modekha. Ndinawathokoza pochita zionetsero zamtendere. Ndinawakumbutsa kuti mavutowa si a nyumba ino yokha, ndi a dziko lonse lapansi, ndipo ena ndinawapeza kale pomwe ndinkakwatira. Ndinachenjeza kuti pali anthu ena a maganizo oipa, makamaka abale a amayi awo, amene akugwiritsa ntchito ana pofuna kusokoneza ulamuliro wovomerezeka. Pomaliza ndinalengeza kuti ndakhazikitsa komiti yofufuza za ndalama za magetsi, yomwe wapampando wake ndine, ndipo ipereka lipoti pakatha masiku 90.

Choko chonse m'nyumba muno ndalanda, pazifukwa za chitetezo.