Mukufuna Dzina Lachizungu? Yambirani ku Chigayo

Anthu ena kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje atopa ndi kutchedwa a Phiri, a Banda kapena a Mbewe. Akuti mayina amenewa amanunkha utsi wa m'khitchini ndipo sapezetsa ntchito mumzinda wa Lilongwe. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, khalani pansi, chifukwa dzina lachizungu silitoledwa mwachisawawa.

Dziwani kaye kumene eni akewo adalitenga. Ku England anthu wamba ankangodziwika ndi dzina limodzi. Mwambo wa dzina lachiwiri udayamba kufala a Norman atalanda dzikolo mu 1066, ndipo pofika m'ma 1400 mabanja ambiri anali akupatsirana dzinalo. Mudzi umodzi unkakhala ndi a John ambirimbiri, tsono okhometsa msonkho ankafuna kudziwa John amene walipira ndi amene wathawa. Ankamutchula munthu ndi ntchito yake, bambo ake, malo okhala kapena maonekedwe ake. Ku Netherlands ena adachedwa mpaka 1811 pomwe Napoleon adalamula kuti aliyense alembetse dzina la banja.

Choncho njira yachidule ndi kuyang'ana m'manja mwanu. Inu amene mumakhoma ndowa ndi mbaula pa msika wa Mitundu ndinu a Smith, dzina lofala kwambiri ku England, ndipo limangotanthauza wosula zitsulo. Mukafuna kuopseza anthu, nenani kuti Schmidt monga aku Germany. Mwini chigayo ndi a Miller, kapena a Müller, dzina lomwe lili patsogolo ku Germany konse. Tangoganizani, dziko lopanga Mercedes-Benz ladzaza ndi zidzukulu za anthu oyera mbuu ndi ufa. Atelala a pakhonde la sitolo ku Nathenje ndi a Taylor, oyendetsa ngolo ya mtedza ndi a Carter, ndipo wosoka nsapato pansi pa mtengo ndi wachibale wa Michael Schumacher, katswiri wa mpikisano wa magalimoto uja. Mukakumana, mufunseni za thumba la feteleza.

Wofolera nyumba ndi udzu ayende monyada kuposa onse. Iye ndi Thatcher. Mayi amene anali nduna yaikulu ya Britain, amene adabwera m'dziko muno mu 1989 n'kulandiridwa ndi Kamuzu, adakwatiwa kubanja la dzina la amisiri a madenga a udzu. Nyumba yanu ikamadontha mu Januwale, itanani a Thatcher a m'mudzi mwanu, musawapatse kachasu ntchito isanathe.

Amene mulibe ntchito musade nkhawa. Tengani dzina la bambo anu: Johnson ndi mwana wa John basi, Wilson mwana wa Will. Izi sizachilendo kwa ife. Chiyambire pomwe amishoni a Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, mayina a ubatizo akhala akulowa m'midzi, ndipo adzukulu ambiri lero amalemba dzina loyamba la agogo awo ngati dzina la banja. Ena agogo awo adabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni limodzi ndi jekete ndi wailesi. Kamuzu yemwe adatenga Hastings kwa mmishoni wa ku Scotland, koma taonani kuti Banda sadamutaye, ngakhale adakhala zaka zambiri ku London.

Vuto lili kwa a Phiri. Mukathawira ku England adzakutchani a Hill, ku Germany a Berg, kwa Maburu a Van den Berg. Kulikonse phiri lomwelo likukutsatani, ngati la Bunda limene limakuyang'anani mukamapita kumsika. Ndipo amayi anu, amene pamaliro ndi paukwati amalemekezedwa kuti aNaphiri, muwauze nokha kuti kuyambira mawa ndi aNahill. Ine sindikuperekezani.

Mukasankha, pitani ku ofesi ya kalembera mukasinthitse chiphaso chanu chaunzika, mukakonzenso dzina pa satifiketi ya sukulu ndi m'kaundula wa kutchalitchi. Mukatero mukadziwitse a mfumu ndi amalume anu, chifukwa munda wa makolo udagawidwa kwa a Mbewe, ndipo a Schmidt alibe ndime ku Mitundu.