Zikomo Ngongole, Mlezi Wathu

Pachitseko cha golosale ina pano pa Makokola analembapo kuti "Ngongole mawa." Penti inasuluka kalekale, koma kope la pansi pa kauntala ladzaza lachitatu. Ndiye lero ndivule chipewa, ndiwombe m'manja: zikomo Ngongole, inu amene mumatidyetsa mwera ukakalipa, alovi ali khale pagombe osaponya chilimira.

Eni golosaleyo anandiikira malire. Ndikangofika pamalirepo, nyumba ya malamulo imakumana pompo. Bambo ndiwo mbali ya boma: "Mpatseni sopoyo, munthuyu sathawa." Mayi ndiwo otsutsa: "Mutigwetsa m'dzenje inu, anawa adzadya chiyani?" Amakokanakokana mpaka tiyi kuzizira, malire aja n'kusunthidwa pang'ono, ine sopo m'manja. Koma tsiku limene mayi ali pakauntala, abale awo a ku Namwera atafika, mawu aja amasintha eni. Mayi ndiwo alalikira za kuthandizana, bambo ayamba kulira ana.

Kaya a ku Lilongwe anaphunzirira pomwepa? Phungu akakhala kotsutsa, bilu ya ngongole ndi goli pakhosi pa adzukulu. Akawolokera ku boma, bilu yomweyo yasanduka mlatho. Ku America amachita kuikira ngongole ya boma denga, zipani n'kumalozana zala, mapeto ake denga lija alikweza. Golosale yomwe ija, kungoti kope lawo n'lalikulu.

Ndisakunamizireni, Ngongole: msewu wa Liwonde kudzafika ku Mangochi ndi mwana wanu, wochokera ku African Development Bank, ndipo usipa wathu umafika ku Limbe usananyenyeke. Komanso simufa inu. Mu 2006 anatikhululukira ngongole zambiri zakunja, ife tinavina, fumbi litangotsika tinakagula kope latsopano. Mu Novembala 2023 kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, patatsala masiku ochepa kuti IMF itibwerekenso, ndipo sopo yemwe uja anandifikitsa pamalire mwezi usanafike pakati. Chiwongoladzanja chanu chimadya chisanasambe m'manja, ife odwala n'kumauzidwa kuti mankhwala tikagule tokha.

Anzanga ena apabawo amakalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi kuti boma lileke kukongola. Amenewotu ndalama yanga ya utaka anatenga mvula isanagwe. Dzulo ndinawakumbutsa. Akuti mawa.