Ulemu Upite kwa Bwana Netiweki

Tsiku lina dziko lino likadzakhala pansi kuti lipereke mendulo kwa amene alitumikira mokhulupirika, ndikupempha kuti mkulu mmodzi asadzaiwalike. Alibe ofesi ku Capital Hill, sanaonekepo pa wailesi yakanema, ndipo kwawo sikudziwika. Koma kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, dzuwa sililowa dzina lake lisanatchulidwe. Ndikunena Bwana Netiweki, wosenza milandu ya eni, amene amanamiziridwa m'mawa, masana ndi usiku koma sanapiteko kubwalo kukadziyeretsa.

Taonani mtendere umene wabweretsa. Kale munthu ukaima pamzere kwa maola awiri kumapeto kwa mwezi, n'kufika pakauntala osathandizidwa, unkafunsa kuti, "Kodi abwana anu alipo?" Pankakhala phokoso, mlonda n'kuyandikira. Lero kalaliki sadzutsa n'komwe mutu. Amangogogoda kompyuta kawiri ndi chala, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani bambo, netiweki yavuta." Mzere wonse umausa moyo pamodzi ngati mpingo ukuyankha ameni. Palibe wolakwa, palibe wokalipiridwa. Amayi a mwana kumsana amakhala pansi n'kuyamba kuyamwitsa, madala a chipewa amatulutsa nyuzipepala ya dzana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatipatse mphunzitsi wa kudekhako. Mphunzitsiyo tamupeza.

Chimene chimandigometsa kwambiri mwa Bwana Netiweki ndi kadwalidwe kake. Amadwala mbali imodzi. Dzanja lake lolandira ndi lathanzi chaka chonse, koma dzanja loperekera limagwidwa nyamakazi nthawi ina iliyonse.

Mwafika kunyumba dzuwa litalowa, mita ya magetsi ikulira tiii, tiii, kanyali kofiira kakuphethira. Mphika wa nyemba uli pa hotipuleti. Mwatenga foni kuti mugule mayunitsi. Musanachotse chala pa batani, ndalama zapita kale, ndipo uthenga wafika wokuthokozani mwaulemu. Apa Bwana ali bwinobwino, akuthamanga. Tsopano dikirani manambala 20 aja oti mulowetse m'mita. Muyang'ana foni, muigwedeza, mutuluka nayo pakhonde n'kuikweza m'mwamba. Magetsi athima, nyemba zasamukira pambaula, ana akulemba ntchito ya kusukulu ndi tochi ya foni yomweyo. Bwana wadwala.

Koma pakati pausiku, tambala woyamba asanalire, foni ija ilira. Mudzuka mtima uli phaa, kuganiza kuti manambala abwera, kapena kumudzi kwagwa zovuta. Ayi ndithu, ndi uthenga wokuuzani kuti mutha kupata mphoto mukayankha mafunso atatu, kapena kuti musankhe nyimbo yoti okuimbirani azimvera. Uthenga wotere sunasocherepo. Umapeza munthu ngakhale ali m'chigwa momwe foni siigwira. Nanga bandulo? Kodi alipo amene anamva kuti bandulo ya tsiku limodzi yakhala tsiku lachiwiri chifukwa netiweki inavuta? Imatha pa mphindi yake yeniyeni, ngakhale theka la tsikulo munathera kuyang'ana kachizunguliro kakungozungulira. Kusunga nthawi kotereku kukanakhala pa maukwati athu, bwenzi mkwatibwi akulowa m'tchalitchi ansembe asanavale mkanjo.

Bwana wamkulu sakhala wopanda nduna, ndipo nduna zake timazipeza tikaimba nambala ya madandaulo. Poyamba mumalonjeredwa ndi mawu ojambulidwa, okoma zedi, okuuzani kuti mudine wani kapena thu malinga ndi chiyankhulo chanu. Mudina. Akuuzani kuti mudinenso. Kenako nyimbo. Nyimbo imeneyi ine ndimaidziwa kuposa nyimbo zambiri za m'buku la kutchalitchi kwathu, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndikuiimba m'bafa. Pakati pake mawu aja amabwerera kudzakutsimikizirani kuti ndinu wofunika kwambiri. Kodi kunyumba kwanu alipo amene amakuuzani zimenezi pafupipafupi chonchi?

Mukapirira, mtsikana waulemu ayankha. Afunsa dzina lanu, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama yomaliza imene munatumiza, ngakhale kuti dzina ndi nambalayo munapereka kale m'kalembera wa masimukhadi wa 2018, ndipo zonsezi zili pamaso pake. Mufotokoza nkhani yonse kuyambira pa nyemba. Iye amvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Mwayesa kuzimitsa foni n'kuyatsanso?" Kenako chigamulo: dikirani maola 24. Akakwana muimbanso, mupeza mnyamata wina amene nkhani yanu akuimva koyamba, ndipo maola aja asanduka 72. Maolawonso ndi a masiku ogwira ntchito okha. Ndalama yanu imapuma Loweruka ndi Lamlungu, ngakhale inachoka m'foni Loweruka usiku popanda kufunsa kalendala.

Apa nthabwala zimandithera pang'ono. Ana amene amayankha mafoniwo sindiwada. Anapatsidwa mawu oti azinena, sanapatsidwe kiyi. Amene ali ndi kiyi sayankha foni. Ndipo K10,000 yokakamira m'malere kwa masiku atatu, kwa bwana wa muofesi yozizira ndi nkhani yaing'ono, koma kwa mayi wogulitsa mandazi ndi mpamba wonse: ufa, mafuta ndi makala a mawa. Kuyambira 2012, pamene ntchito yotumiza ndalama pa foni inayamba m'dziko muno, takhala tikuuzidwa kuti tisamayende ndi ndalama m'thumba. Tamvera. Fizi, lendi, chopereka cha kutchalitchi, chipepeso cha pamaliro, zonse tazipereka m'manja mwa Bwana. Tikachedwa kulipira ife pamakhala chindapusa. Akachedwa iwo pamakhala pepani. Kokadandaula kulipo, ku MACRA, ku CFTC, ku Reserve Bank, koma mayi wa mandazi akatseka beseni lake kuti akalembe kalata, ana adya chiyani madzulo?

Kunena chilungamo, Bwana amadwaladi nthawi zina. Dziko lathu lilibe doko la panyanja ya mchere, choncho intaneti imatipeza kudzera m'zingwe zodutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zitaduka chakufupi ndi Durban, ife kuno tinakhala masiku angapo intaneti ikukwawa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo nsanja za mafoni nazonso zimadya magetsi. Onjezanipo akuba amene amakumba zingwe ndi kuzula mabatire pa nsanjazo. Koma ukulu wa Bwana wagona pomwepa. Popeza amadwaladi mwa apo ndi apo, palibe angatsutse akauzidwa kuti lero wadwala. Mukapima ndi chiyani? Kalaliki amene watopa, ejenti amene ndalama zamuthera m'kabati, ofesi imene inataya fayilo yanu, onse amabisala kumbuyo kwa mkulu mmodziyu, ndipo msana wake ndi waukulu mokwanira.

Tisanamizane, nafenso timabisala komweko. Alamu anu akaimba kuchokera kumudzi, moni amamveka bwinobwino, za mvula zimamveka bwinobwino, za mbuzi imene yaswa mapasa zimamvekanso. Akangofika pa mawu akuti feteleza, mumayamba: "Halo? Halo? Mukudukaduka, alamu!" Bambo wina wa m'dera lathu foni yake siigwira Lachisanu lililonse kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndipo mayi akunyumba anauzidwa kuti malo amene amachezerawo ali kuseri kwa phiri. Dera lathulo ndi lachidikha, phiri kulibe. Ku banki m'khonde nako, tsiku lobweza ngongole ndi tsiku limene Bwana amagonekedwa m'chipatala: aliyense watumiza, palibe walandira, ndipo msungichuma amangoyang'ana m'mbale yopanda kanthu.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene akufuna kuti Bwana Netiweki achiriretu. Akadzachira, maukwati angati adzagwedezeke? Makalaliki adzanena chiyani? Tidzayamba kuuzana zoona pamaso, kuti ndalama ndilibe, kuti ntchito yanu sindinaigwire, kuti ndinali kumowa. Dziko silinakonzekere zimenezo. Pempho langa kwa madokotala ake ndi laling'ono: ngati n'kudwala, azidwala manja onse awiri. Tsiku limene walephera kupereka, alepherenso kulandira.

Ndipo inu achimwene a nyumba yachitatu kuchokera pampopi, amene mwakhala mukunditumizira K20,000 yanga kuyambira nthawi yokolola, musavutikenso ndi foni. Ingobweretsani pamanja. Madzulo aliwonse ndimakhala ndili pakhonde.