Nkhalamba ya Pabalaza

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambiri a m'maofesi anadzuka ali nkhalamba. Mlandu wawo ndi wosowa kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, kamene Windows 11 imafuna. Mabwana akuti makina oterewa sangadaliridwenso, ngakhale polemba kalata ya ndime ziwiri yoitanira anthu kumsonkhano.

Ine ndine yani kuti nditsutse anthu ophunzira? Chongondizunguza mutu n'chakuti kompyuta yomweyo, tinene Dell OptiPlex, ikafika pabalaza, mwini nyumba n'kuikamo Linux ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Kodi, n'kugula kachingwe kochoka pa DisplayPort kupita pa HDMI ya TV, imachira ngati yapemphereredwa. Imaonetsa filimu ya ku Nigeria kuyambira gawo loyamba mpaka lachinayi osatsokomola n'kamodzi komwe. Kapenatu makalata a kuofesi ndi olemera kuposa mmene timawaonera.

Zaukalamba sizilephera ayi. Fani yake imalira moti mfiti ya mufilimu ikamanong'ona chiwembu, banja lonse limamva mphepo yokha. Mayunitsi a magetsi imadya mosayang'ana nkhope. Rimoti palibe, choncho bambo amakhala pampando atasanjika kiyibodi pamiyendo, nkhope ili gwa, ndipo alendo amalowa monyang'ama poopa kusokoneza munthu ali pa ntchito.

Kuofesi kuja anagula makompyuta atsopano, amphamvu, a TPM 2.0 yawo. Ndi abwino zedi. Tonse timaonerapo mafilimu mpaka nthawi yoweruka.