Mendulo Yeniyeni Ndi Iti, Akuluakulu?

Inu akuluakulu amene mumasonkhanitsa mamendulo ankhondo a ku Germany, ndili ndi mafunso, ndipo ndi mafunso a munthu wamba. Pa tebulo pali timitanda tiwiri ta Eisernes Kreuz, Mtanda wa Chitsulo uja unayamba mu 1813 nthawi ya mfumu Friedrich Wilhelm III, umene Hitler anautsitsimutsa pa 1 September 1939. Tonse n'takuda pakati, toyera m'mphepete, 1939 m'munsi, 1813 kuseri. Inu mwatitembenuza, mwatiika pa sikelo, mwatisuzumira ndi galasi lokulitsira zinthu, kenako mwati aka n'kabwino, ako n'kafeki. Mwaona chiyani chimene ine sindikuchiona?

Mumati mtanda weniweni ndi zidutswa zitatu. Pakati pali chitsulo chopakidwa utoto wakuda, chotsekeredwa ndi mafelemu awiri owala, kutsogolo ndi kumbuyo, owotcherera pamodzi. Munthu akayang'ana m'mbali amaona kamzere kopyapyala pamene mafelemuwo anakumana. Maginito akafika pakatipo amakakamira. Izi n'zomveka. Koma inu nomwe mumanenanso kuti ilipo mitanda yeniyeni imene pakati pake ndi mkuwa kapena zinki, moti maginito saigwira, ndiponso kuti achinyengo anaphunzira kalekale kupanga ya zidutswa zitatu ya chitsulo chenicheni. Nanga maginito mumayenderanji nawo m'thumba?

Mumayankha kuti chachikulu ndi kapangidwe. Fakitale inkadinda mendulo ndi chidindo chachitsulo cholimba, makina olemera akuchikanikiza, ndiye manambala ankatuluka akuthwa, timikanda ta m'mphepete tili ndondondo. Wachinyengo wopanda chidindo amatenga mendulo yeniyeni, kuumbirapo chikombole, n'kuthiramo chitsulo chosungunula. Chikazizira chimafupika pang'ono, n'chifukwa chake mumayeza ngati mtandawo ukufika mamilimita 44 kapena waperewera. Pagalasi paja mumaona timabowo ta mpweya, ndipo nambala 9 imaoneka yonenepa, yosadukiza bwino. Apa ndimakugomerani, chifukwa zimenezi n'zooneka ndi maso, ndipo amene waziona kamodzi saziiwala.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti mumakondwera mukapeza chilema. Chidindo chikang'aluka, mng'aluwo umatuluka pa mendulo iliyonse yodindidwa kuyambira tsikulo, ndipo umakula chidindocho chikamakalamba. Inu mumaidziwa ming'alu imeneyi pamtima, mumadziwa kuti kotupa aka pa mkanda wakutiwakuti n'ka fakitale yakuti. Pa kamphete kopachikirako nthawi zina pamakhala nambala ya wopanga: 4 ndi Steinhauer & Lück a ku Lüdenscheid, 2 ndi C. E. Juncker a ku Berlin. Kuyambira 1941 zogulitsa m'masitolo zinkadindidwa nambala yoyamba ndi L. Komatu mitanda yambirimbiri yeniyeni ilibe nambala iliyonse, ndipo kukhoma nambala pa kamphete si ntchito yovuta kwa munthu wa nyundo. Ndiye nambala ikakhalapo mumakhulupirira, kapena ndi pamene mumayamba kukayikira?

Tsopano funso limene limandisowetsa mtendere. Nkhondo itatha mu May 1945, zidindo sizinafe nayo. Asilikali a ku America ankafuna zokaonetsa kwawo, ndipo anali ndi ndudu ndi madola. Kampani ya Rudolf Souval ku Vienna inapitiriza kudinda kwa zaka zambiri. Za Ritterkreuz, mtanda wovala m'khosi umene anaulandira anthu opitirira pang'ono 7,000, inu mwakhala mukutsutsana kuti ndi iti mwa ya Steinhauer & Lück inadindidwa nkhondo ili mkati, ndi iti inadindidwa pambuyo pake. Chidindo n'chomwecho, makina ndi omwewo, tauni ndi yomweyo. Wodindidwa nkhondo isanathe mumauika m'bokosi lagalasi, wodindidwa itatha mumautcha wabodza. Kodi chimene chikuupanga kukhala weniweni ndi chitsulo, kapena kalendala?

Mwina mungati weniweni ndi umene unaperekedwa kwa msilikali. Koma ndimaonanso mukuyamikira mendulo imene ikadali m'kaenvulopu kake ka pepala, imene sinagundepo pachifuwa cha munthu, yochokera m'makatoni amene anatsala m'nyumba zosungira katundu. Imeneyo mumati ndi yeniyeni, mwinanso yoposa. Pamene mu 1957 boma la West Germany linaloleza asilikali akale kuvala mitanda yatsopano, yokhala ndi masamba a mtengo wa oki pamalo pa swastika, chizindikiro cha ulamuliro wa Hitler. Bambo amene anamenyadi nkhondo anavala umenewo kumaliro a anzake mpaka kukalamba kwake. Mtengo wake pamsika ndi wotsika. N'chifukwa chiyani umene unavalidwadi ndi mwini wake ukuchepa mphamvu, n'kupambanidwa ndi umene unagona m'katoni?

Nkhani ya mizere ya mamendulo, imene Ajeremani amati Ordensspange, ndiyo yondizunguza mutu kwambiri. Boma linkapereka mendulo imodziimodzi. Mwini wake ankazitengera kwa telala kapena kusitolo ya zovala za asilikali kuti akamulumikizire. Mukautembenuza mzerewo mumaona ntchito ya manja: kachitsulo kopyapyala mkati, mariboni opindidwa mozungulira, kuseri kwaphimbidwa ndi kansalu kaubweya kofiira kapena kakuda kosokedwa m'mphepete ndi timasoko tating'onoting'ono, ndipo pini yaitali yadutsa kuchokera uku kufika uko. Inu mumakweza mendulo ndi chala n'kusuzumira pansi pake. Pamene dzuwa silinkafika, riboni ikadali ndi mtundu wake, pamene poonekera yasuluka. Pamene mendulo ziwiri zakhala zikukhudzana kwa zaka makumi asanu ndi atatu, zaperesana, ndipo zipsera zake zikugwirizana.

Mumazimitsa magetsi n'kuyatsa nyali ya UV, ngati ija amaunikira ndalama kubanki. Ulusi ndi nsalu za pambuyo pa nkhondo kawirikawiri zimawala mwabuluu chifukwa cha mankhwala oyeretsera, zakale zimangokhala duu. Ena amasolola kaulusi kamodzi n'kukayatsa ndi machesi: ka thonje kapena silika kamasanduka phulusa, ka nayiloni kamasungunuka n'kuuma kachibulumwa kolimba. Koma mayi wa m'nyumbamo atachapa riboni ya mwamuna wake ndi sopo waufa mu 1965, nayonso iwala. Ndipo mwini wake atapita kwa telala chaka chomwecho kukasinthitsa mariboni ong'ambika, ulusi ukhala watsopano. Kodi bamboyo wapanga feki ya mamendulo ake omwe?

Kenako mumawerenga mzerewo ngati mbiri ya munthu. Mtanda wa Chitsulo umakhala poyambirira. Mu 1934 pulezidenti Hindenburg anakhazikitsa mtanda wokumbukira nkhondo ya 1914 mpaka 1918, wa malupanga kwa amene anali kutsogolo kwa nkhondo, wopanda malupanga kwa amene anatumikira kumbuyo, wakuda kwa amasiye ndi makolo. Mukaona wa malupanga ndi wopanda malupanga pa mzere umodzi mumakana, poti munthu sangakhale zonse ziwiri. Mukaona mtanda wa 1914 pamodzi ndi mendulo ya 1942 ya nyengo yozizira ku Russia, koma wa Hindenburg palibe, mumakayikira. Luso limeneli n'lalikulu. Koma wogulitsa wochenjera amene amadziwanso malamulowa angathe kugula mamendulo asanu enieni otchipa, kupeza riboni yakale yeniyeni ndi ulusi wakale, n'kusoka mzere wolondola dzana dzanali. Chidutswa chilichonse n'chenicheni. Msilikali yekha ndiye sanakhaleko. Umenewo mumautcha chiyani?

Zonsezi zikuvuta chifukwa mendulo ya ku Germany ilibe dzina. Mamendulo amene Angelezi anapereka kwa asilikali a King's African Rifles itatha nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, ali ndi nambala ndi dzina la mwini wake m'mphepete. Mtanda wa Chitsulo ulibe. Dzina linali pa chikalata chobwera nawo ndiponso m'kabuku ka msilikali, Soldbuch. Chikalata chikatayika, mtanda wa uyu ndi wa uyo sungasiyanitsidwe, ndipo mitandayi inaperekedwa mamiliyoni. Nazo zikalata zimapekedwa, pa pepala lakale, ndi taipi yakale.

Pamenepa ndipo mtima wanga umaima. Ndikumvetsa chifukwa chake nyumba yosungira zinthu zakale iyenera kudziwa chenicheni, poti alipo anthu amene amakana kuti zoopsa za nthawi ija zinachitika, ndipo chabodza chimodzi chimawapatsa pokwerera. Ndikumvetsanso kuti munthu asaberedwe ndalama zake. Koma mendulo inkaperekedwa chifukwa cha ntchito inayake. Rudolf Höss, mkulu wa ndende ya Auschwitz, analandira mtanda wa Kriegsverdienstkreuz, umene ankalandiranso ngakhale kalaliki wa njanji. Mu 1944 kunabwera baji ya Bandenkampfabzeichen, yamkuwa kwa amene wakwanitsa masiku 20 olimbana ndi amene ankawatcha zigawenga, yasiliva masiku 50, yagolide masiku 100. M'malipoti a Ajeremani, kutentha midzi ku Belarus ankakuwerengera m'ntchito yomweyi. Ku Khatyn, pa 22 March 1943, anthu a m'mudzi anatsekeredwa m'chinyumba chosungira udzu n'kuyatsidwa moto, ndipo anafa 149, ana 75 mwa iwo. Baji imeneyi ndi yosowa, ndiye ndi yodula, ndiye ndi imodzi mwa zokopedwa kwambiri, ndipo inu mumadziwa kuwerenga mamba a njoka zili pamenepo kuti musiyanitse yeniyeni ndi yafeki.

Ku Germany lamulo la milandu, gawo 86a, limaletsa kuonetsa swastika poyera, kupatula pophunzitsa, pofufuza ndi zina zotero, moti ogulitsa amamatapo kapepala akamajambula katundu wawo. Wogula akalandira phukusi lake amamatula. Sindikunena kuti aliyense wosonkhanitsa amakonda zimene chizindikirocho chinkaimira. Ambiri a inu mumadziwa mbiri ya nkhondoyi kuposa ine, ndipo n'chifukwa chake ndikufunsa inuyo. Mukatsimikiza kuti baji ya masiku 50 ndi yeniyeni, kuti inavalidwadi, kodi mumakhala pansi kufufuza kuti gulu la mwini wakeyo linali m'midzi iti masiku 50 amenewo? Mukapeza, mumalemba pa kakhadi kali pansi pa bajiyo, pafupi ndi dzina la fakitale ndi kulemera kwake? Ndipo wogula wotsatira akawerenga mayina a midziyo, mtengo umatsika kapena umakwera?