Kaundula wa Kadzutsa wa pa Phiri la Zomba

Anzanga osunga makomo, nawu mtengo wa mbatatesi ndi mazira zikakazingiridwa pa phiri. Ganizo linali la ana. Thumba linali langa.

Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: ine, amayi akunyumba, ana atatu ndi mlamu wanga, amene anabwera tsiku lonyamuka. Mbatatesi milu iwiri pamsika wa Zomba, makwacha zikwi zitatu. Mazira khumi ndi awiri, limodzi mazana asanu, onse zikwi zisanu ndi chimodzi. Mafuta ophikira theka la lita, zikwi zinayi. Anyezi, matimati ndi mchere, zikwi ziwiri. Ndinadandaula mtengo wa mafuta, wogulitsa anandikumbutsa kuti kwacha inagwa ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023. Malipiro anga sanauzidwe. Pofika apa zikwi khumi ndi zisanu zapita, moto usanayake.

Chiwaya tilibe. Tinabwereka kwa mnyamata wokazinga chipisi ku Chinamwali, ndipo popeza m'mawa umenewo sakanagulitsa, anatilipiritsa zikwi zisanu. Makala, zikwi ziwiri. Phiri ndi la mitengo ya paini, koma mitengoyo ndi ya boma, choncho makala amakwera nafe. Zikwi makumi awiri mphambu ziwiri.

Kukwera ndiye kunadya kwambiri. Takisi yopita, kudikira ndi kubwerera, zikwi makumi awiri. Chiwaya chinatenga malo a munthu, ndiye mlamu anakwera kabaza wa njinga yamoto, zikwi zisanu, zolipira ine. Zikwi makumi anayi mphambu zisanu ndi ziwiri. M'makona a msewu wa ku Ku Chawe mazira awiri anasweka. Anatsala khumi, kutanthauza kuti dzira lililonse linafika pa mazana asanu ndi limodzi popanda nkhuku kuwonjezerapo kanthu.

Pali njira yapansi yochokera pamwamba kutsikira m'tauni, imene alendo amaitcha Potato Path chifukwa anthu amatsitsiramo mbatatesi pamutu kupita kumsika. Ngati yathu inali yakomweko, inatsika pamutu n'kukweranso pa takisi, ndipo maulendo onse awiri analipira ndi ine. Pamwamba tinapeza ina ikugulitsidwa m'mphepete mwa msewu. Mtengo sindinafunse. Ana anafunsa wa masitiroberi, ndipo amenewo anadya zikwi zitatu. Malo okolezera moto, chikwi chimodzi munthu aliyense, zikwi zisanu ndi chimodzi. Chiwaya anachilola kulowa ulere. Zikwi makumi asanu mphambu zisanu ndi chimodzi.

Kumazizira kumtundako, ndipo makala anachedwa kuyaka. Tonse tinawerama kuuzira moto, nyani n'kutenga mazira awiri. Anatsala asanu ndi atatu, lililonse mazana asanu ndi awiri kudza makumi asanu. Pogawa, aliyense anapeza dzira limodzi, awiri otsala anapita kwa mlamu monga mlendo. Iye anadya atatu, nyani awiri, msewu awiri, wolipira limodzi. Mbatatesi inapsa bwino.

Titakhuta pang'ono, ana anafuna kukaona Emperor's View, pamene Haile Selassie wa ku Ethiopia anaima mu 1965, ndi Queen's View chapafupi pomwepo. Mnyamata wotilondolera, zikwi zinayi. Nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka kuchokera pamenepo kukakhala kulibe nkhungu. Kunali nkhungu. Zikwi makumi asanu ndi limodzi.

Tsopano gawani. Mbale zisanu ndi imodzi, mbale iliyonse zikwi khumi. Mnyamata wa ku Chinamwali ankagulitsa chipisi ndi dzira zikwi ziwiri, pa chiwaya chomwechi, kabichi ndi tsabola zaulere. Zikwi zathu makumi asanu ndi limodzi zija ndi mbale zake makumi atatu, kadzutsa wa munthu mmodzi mwezi wathunthu, wodyera choimirira koma wopanda nyani. Pa zikwi khumi za mbale yathu, chakudya chenicheni chinali zikwi ziwiri ndi mazana asanu. Zotsalazo zinali phiri.

Chiwaya tinabweza madzulo m'malo mwa masana, chikwi china. Mlamu anabwereka zikwi zitatu zobwererera kwawo ku Jali, ndipo ndazilemba kumbali ya zotuluka. Zonse pamodzi, zikwi makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi. Bilu ya madzi a ku damu la Mulunguzi, limene tinaliona ulere podutsa, sinabwere.